Anthu akutha ku Japan, nanga bwanji alendo sakuwalandira ndi manja awiri?

Funso

Ndine mphunzitsi wa Jogalafe pa sekondale ina m'boma la Dedza. Tikafika pa mutu wa chiwerengero cha anthu, zokamba zathu zimathera pa kuchulukana kwa anthu kuno kwathu. Teremu yatha mtsikana wina wa Fomu 3 anaimika mkono n'kufunsa kuti: "Sala, ngati ku Japan anthu akuchepa mpaka sukulu zikutsekedwa, bwanji osangoitana achinyamata a kuno amene akungokhala?" Ndinamuyankha kuti nkhani yake ndi ya malamulo, koma ndinaona kuti sanakhutire, ndipo inenso sindinakhutire. Tinamvanso mu 2025 kuti Japan yapereka mizinda ina kwa anthu a ku Africa. Kodi kuchepa kwa anthu ndi kukalamba kwawo kumasintha bwanji malamulo olandirira alendo m'dziko?

Mphunzitsi, Dedza

Yankho

Aphunzitsi, zikomo chifukwa chosalitaya funso la mwanayo. Mukamuuze kuti zimene anafunsazo ndi zomwe andale a ku Tokyo akhala akulimbana nazo kuyambira cha m'ma 1990, ndipo mpaka lero sanamange mfundo imodzi. Maganizo anga ndi awa: kukalamba kwa dziko ndi kumene kumalamula kuti pakufunika antchito angati ndiponso a ntchito yanji, koma sikulamula kuti antchitowo akafika atengedwe ngati ndani. Chachiwirichi chimagamulidwa ndi ndale, mantha, ndi mmene eni dziko amadzionera okha. Choyambacho Japan inachivomera kale. Pa chachiwiri ndi pamene pagona nkhani.

Tiyambe ndi manambala, poti ana anu adzawafuna. Mu 1949 ku Japan kunabadwa ana pafupifupi 2.7 miliyoni. Mu 1973 anabadwa oposa 2 miliyoni. Mu 2024 ana a nzika za dzikolo amene anabadwa anali cha pa 686,000 basi, pamene omwalira anali pafupifupi 1.6 miliyoni. Mukachotsera mupeza kuti m'chaka chimodzi chokha dzikolo linaperewera ndi anthu oposa 900,000. Kalembera wathu wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mumzinda wa Blantyre. Ndiye ana aganize za Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Limbe ndi Chirimba, konseko kutangoti zii m'chaka chimodzi, chaka chamawa chimodzimodzinso.

Kuti mtundu usachepe pamafunika kuti mayi aliyense azibereka ana awiri ndi kasefukira pang'ono, akatswiri amati 2.1. Japan inatsika pa mlingo umenewu chapakati pa zaka za m'ma 1970 ndipo sinabwererenso. Mu 2024 inali pa 1.15. Chiwerengero chonse chinafika pachimake cha mu 2008, pa anthu pafupifupi 128 miliyoni, ndipo pofika 2024 chinali cha pa 124 miliyoni.

Komatu chimene chimasowetsa tulo nduna ya zachuma si chiwerengero chonsecho, koma misinkhu ya anthu ake. A zaka 15 mpaka 64, amene timawawerengera kuti ndi a msinkhu wogwira ntchito, anali pafupifupi 87 miliyoni mu 1995. Tsopano ali cha pa 74 miliyoni. Pa anthu 100 alionse, 29 ali ndi zaka 65 kapena kuposerapo, pamene kuno kwathu safika n'komwe 5. Penshoni ya agogo a ku Osaka sichokera m'bokosi limene anasungira ali achinyamata. Gawo lalikulu limachokera m'malipiro a amene akugwira ntchito mwezi uno. Ndalama za chipatala n'chimodzimodzi. Kuyambira mu April 2000 dzikolo lilinso ndi inshulansi yapadera yosamalirira okalamba, imene munthu amayamba kusonkhera akakwanitsa zaka 40. Olandira akuchuluka, osonkha akuchepa. Limenelo ndi vuto la ndalama, ndipo boma lingathe kulikankhira kutsogolo pokweza msonkho kapena pokongola. Limene silikankhika ndi vuto la manja.

Fakitale ya magalimoto ikasowa antchito, kampani imatha kukamanga ina ku Thailand kapena ku Indonesia, ndipo makampani a ku Japan achita zimenezi kwa zaka zambiri. Koma gogo wa zaka 92 wa ku Akita amene sangathe kudzuka yekha simungamutumize ku Thailand kuti akasambe. Msewu umene wang'ambika ndi chivomezi uyenera kukonzedwa pomwe uli. Kabichi wa ku Gunma ayenera kudulidwa mbandakucha m'munda momwemo, ndipo thiraki yokamusiya ku msika wa ku Tokyo imafuna dalaivala. Unduna woona zaumoyo ndi ntchito unawerengera kuti pofika 2040 padzafunika osamalira okalamba ena pafupifupi 570,000 pamwamba pa amene analipo mu 2022. N'chifukwa chake mukayang'ana mndandanda wa ntchito zimene Japan imaperekera viza masiku ano mumaona chithunzi cha ukalamba wake: kusamalira nkhalamba, zomangamanga, ulimi, usodzi, kukonza zakudya, mahotela, kumanga zombo, ndipo kuyambira 2024 anawonjezera kuyendetsa mathiraki ndi mabasi, ntchito za sitima ya pamtunda ndi za nkhalango.

Asanafike poitana alendo anayamba ayesa za m'nyumba. Analimbikitsa amayi kubwerera pa ntchito akabereka. Lamulo limene linayamba mu 2021 limapempha makampani kuyesetsa kusunga antchito mpaka zaka 70, ndipo lero munthu mmodzi mwa anayi a zaka 65 kupita m'tsogolo akugwirabe ntchito. Anapanga makina onyamulira odwala, anawonjezera ndalama zothandizira mabanja a ana, mu 2023 anakhazikitsa nthambi ya boma yoona za ana ndi mabanja. Zonsezi zathandiza, koma mwana wobadwa lero adzayamba ntchito patatha zaka 20, ndipo atsikana amene akanakhala amayi a lero ndi ochepa kale chifukwa nawonso anabadwa ochepa. Imeneyi ndi mfundo imene ana amaiphonya kawirikawiri: ngakhale mayi aliyense atayamba mawa kubereka ana awiri, chiwerengero chipitirirabe kutsika kwa zaka zambiri.

Tsono alendo analowa, koma osati pa khomo la kumaso.

Khomo loyamba linatsegulidwa mu 1990. Mafakitale anali kusowa anthu, ndipo boma linakumbukira kuti ku Brazil ndi ku Peru kuli zidzukulu za Ajapani amene anasamukira kumeneko kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Linasintha lamulo kuti ana ndi zidzukulu za anthuwa azilowa n'kugwira ntchito iliyonse. Ankaganiza kuti poti magazi ndi amodzi, sadzaoneka ngati alendo. Amene anatsika ndege anali anthu oyankhula Chipwitikizi, okonda nyama yootcha ndi mpira, ambiri osatha kuwerenga Chijapani. Anadzaza mafakitale a zipangizo za magalimoto m'mizinda ngati Hamamatsu, Toyota ndi Oizumi, ndipo pofika 2007 anthu a ku Brazil anapitirira 300,000. Chuma cha dziko lonse chitagwedezeka mu 2008, iwowa ndi amene anayamba kuchotsedwa ntchito. Mu 2009 boma linalonjeza 300,000 yen (ndalama ya ku Japan) kwa wantchito aliyense ndi 200,000 yen kwa wachibale aliyense ngati avomera kubwerera kwawo, ndiponso kuti asabwerenso ndi chilolezo chomwecho. Pafupifupi 20,000 anatenga ndalamazo n'kunyamuka, ena ali ndi ana obadwira ku Japan amene Brazil ankangoimva m'nkhani za makolo. Akuluakulu athu amati mlendo ndi mame, ndipo boma la Japan linawaona anthuwa choncho, ngati mame oti dzuwa likakwera auma. Koma ambiri sanaume. Anakhala, anagula nyumba, ndipo ena mwa amene anali ndi zaka 30 pofika kumeneko mu 1990, tsopano ndi nkhalamba zofuna kusamaliridwa.

Khomo lachiwiri ndi limene limandipweteka mtima kwambiri. Mu 1993 anayambitsa ndondomeko ya "ophunzira ntchito". Pa pepala, cholinga chinali choti achinyamata a m'mayiko osauka akaphunzire luso ku Japan n'kubwerera nalo kwawo. Zoona zake, inasanduka njira yopezera antchito otchipa m'minda, m'mafakitale osoka zovala, m'malo okonzera nsomba ndi pa zomangamanga. Poyamba ambiri ankachokera ku China, kenako Vietnam inatenga malo, ndipo chiwerengero chawo chinapitirira 400,000. Poti lamulo linkawatcha ophunzira, sankaloledwa kusintha bwana. Ukapeza bwana wankhanza, wosalipira maola owonjezera, unali ndi njira ziwiri: kupirira kapena kuthawa n'kukhala wopanda mapepala. Mu 2023 yokha anathawa oposa 9,000. Kubwerera kwawo sikunali kophweka, chifukwa ambiri ananyamuka ndi ngongole. Kafukufuku wa boma la Japan lomwelo wa mu 2022 anapeza kuti pa avareji aliyense analipira ndalama zoposa 500,000 yen kwa madobadoba ndi mabungwe otumiza anthu asanakwere n'komwe ndege. Banja limapinyolitsa munda, ena amalowa katapila, ndiye mnyamata akamatukwanidwa pa ntchito amangokumbukira munda wa bambo ake n'kukhala chete.

Khomo lachitatu linali la anamwino ndi osamalira okalamba, kudzera m'mapangano a zamalonda: ndi Indonesia kuyambira 2008, Philippines 2009, Vietnam 2014. Apa ndikufuna ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Ndili ku Japan pa kafukufuku, ndinakacheza ku nyumba ina yosungirako okalamba m'katauni ka kumpoto, nthawi ya chisanu. Mumsewu wake waukulu masitolo ambiri anali otseka, zitseko zachitsulo zitachita dzimbiri. M'chipinda chodyera ndinapeza mtsikana wa ku Java, chilumba cha ku Indonesia, atavala mpango wake wa Chisilamu, akudyetsa gogo wina phala la mpunga. Sanaime chiimire. Anagwada kuti maso awo alingane, n'kumadikira mpaka gogoyo ameze, akuyang'ana pakhosi, asanatunge supuni ina. Gogoyo mutu unali utayamba kusokonekera, ndipo ankamuitana mtsikanayo ndi dzina la mwana wake wamkazi amene amakhala ku Tokyo ndipo amabwera kawiri pachaka. Mtsikanayo ankangovomera. Kwawo anali namwino wophunzira bwino. Madzulo akaweruka ankakhala pansi ndi mabuku, chifukwa chilolezo chake chinali cha zaka zinayi, ndipo mayeso a boma ankaloledwa kulemba atagwira ntchito zaka zitatu, m'Chijapani. Anandionetsa liwu lotanthauza zilonda zimene munthu amatuluka akagonera mbali imodzi nthawi yaitali. Limalembedwa ndi zilembo ziwiri zopiringizika kwambiri moti Mjapani wamba sangazilembe pamtima. Zilondazo iye ankazidziwa, ankazitsuka tsiku ndi tsiku, koma akalephera kuwerenga mawu ngati amenewo pa mayeso, ulendo wa kwawo. Mkulu wa nyumbayo, bambo wa zaka za m'ma 60, anandiuza kuti zotsatira za mayesowo ankaziopa iye kuposa mwiniwake, chifukwa malonda a ntchito amene anaika m'tauniyo anatha miyezi popanda wofunsira ndi mmodzi yemwe. M'zaka zoyambirira mayeso ankagwetsa pafupifupi onse: mu 2010, pa anamwino oposa 250 a ndondomekoyi amene analemba, anakhoza atatu. Pambuyo pake boma linafewetsako, n'kuyamba kuika kawerengedwe pamwamba pa zilembo zovuta ndi kuwonjezera nthawi yolembera.

Kusintha kwenikweni kunabwera mu December 2018, pamene nyumba ya malamulo, Abe Shinzo ali nduna yaikulu, inavomereza viza yatsopano ya antchito aluso lapadera, imene inayamba mu April 2019. Aka kanali koyamba kuti Japan inene poyera kuti ikuitana anthu chifukwa ikusowa manja, osabisala kumbuyo kwa magazi kapena maphunziro. Anaika malire a anthu pafupifupi 345,000 pa zaka zisanu. Mu March 2024 malirewo anawakweza kufika pa 820,000 pa zaka zisanu zotsatira. Vizayi ili pawiri. Ya gawo loyamba ndi ya zaka zosaposa zisanu, ndipo mkazi kapena mwamuna ndi ana amatsala kumudzi. Ya gawo lachiwiri, imene imafuna mayeso ovutirapo, imawonjezeredwa popanda malire, imalola kubweretsa banja, ndipo ingathe kukufikitsa pa chilolezo chokhala mpaka kalekale. Pofika kumapeto kwa 2024 alendo okhala ku Japan anali pafupifupi 3.8 miliyoni, kapena kuti atatu pa anthu 100 alionse.

Chodabwitsa n'chakuti pamene ankadutsitsa lamuloli, Abe anabwereza kangapo m'nyumba ya malamulo kuti boma lake silikutsata ndondomeko yolandira anthu odzakhazikika. Liwu lawo lakuti imin, lotanthauza munthu wosamukiratu, andale amalizemba. Amakonda kunena kuti "antchito ochokera kunja". Chifukwa chake n'chakuti chipani cholamula cha LDP chimadalira magulu awiri amene akukokera kosiyana. Alimi, eni makampani ang'onoang'ono ndi eni nyumba zosungira okalamba akulira antchito. Gulu lina limakhulupirira kuti Japan ndi dziko la mtundu umodzi, chiyankhulo chimodzi, ndipo liyenera kukhala choncho. Boma limasangalatsa oyambawo ndi manambala, achiwiriwo ndi mawu. Malamulo a unzika nawonso ali kumbali ya achiwiriwo: mwana wobadwira ku Japan kwa makolo achilendo sakhala nzika chifukwa chobadwira kumeneko, unzika umatsata magazi a kholo. Anthu a ku Korea amene anabwera nthawi imene Japan inkalamulira dziko lawo ngati atsamunda analandidwa unzika wa Japan mu 1952, ndipo zidzukulu zawo zina, zobadwira ndi kukulira ku Osaka, mpaka pano zili m'kaundula wa alendo.

Musawauze ana kuti nkhalamba ndizo zimadana ndi alendo, chifukwa sizili choncho kwenikweni. Gogo amene akudyetsedwa phala ndi mtsikana wa ku Java amadziwa amene akumusunga. Pa chisankho cha July 2025 chipani cha Sanseito, chimene mfuu yake inali yakuti "Ajapani poyamba", chinapata mipando 14 m'nyumba yapamwamba ya malamulo, ndipo mavoti ake ambiri anachokera kwa achinyamata ndi a msinkhu wapakati. Amenewa ndi anthu amene malipiro awo akhala osakwera kwa zaka zambiri pamene ndalama zodulidwa za penshoni ndi chipatala zikukwera. Katundu wa ukalamba wa dziko ali pamutu pawo, ndipo wandale akawalozera mlendo kuti ndiye akudya zawo, ena amakhulupirira. Choncho ukalamba womwewo umene ukukoka mlendo kuti abwere ndi umenenso ukubala mkwiyo womukankha.

Mphekesera munamva ija inagwera mumphika umenewu ukuwira. Mu August 2025, pa msonkhano wa TICAD wa Japan ndi mayiko a Africa ku Yokohama, bungwe la JICA, la boma la Japan lothandiza chitukuko m'mayiko ena, linalengeza kuti mizinda inayi ikhala pa ubale ndi mayiko anayi: Kisarazu ndi Nigeria, Nagai ndi Tanzania, Sanjo ndi Ghana, Imabari ndi anansi athu a ku Mozambique. Unali ubale wa kuyenderana ndi kuphunzitsana, munalibe viza kapena malo okhala. Koma boma la Nigeria linatulutsa chikalata chonena kuti kudzakhala viza yapadera, nkhani inafala pa intaneti kuti Japan yapereka mizinda, ndipo maofesi a mizinda inayi ija anadzaza ndi mafoni ndi makalata a anthu okwiya. Boma la Japan linatsutsa, Nigeria inakonza chikalata chake, koma moto unali utafika kale patali. Mu September chaka chomwecho JICA inathetsa ndondomekoyo. Palibe mzinda umene unaperekedwa kwa wina aliyense.

Pali mbali inanso ya funso la mwanayo imene iyenera kuyankhidwa moona mtima: ngakhale Japan itatsegula zitseko zonse, alendo sangachize ukalamba. Nawonso amakalamba, ndipo akakhazikika amabereka ana ochepa ngati eni dziko. Bungwe la United Nations linawerengera mu 2000 kuti Japan ikanafuna alendo oposa 600,000 chaka chilichonse kuti a msinkhu wogwira ntchito asachepe, ndipo kuti nkhalamba iliyonse ikhalebe ndi antchito ochuluka ngati mmene zinalili mu 1995 pakanafunika pafupifupi 10 miliyoni pachaka, chinthu chosatheka. Bungwe la boma la Japan lofufuza za chiwerengero cha anthu linanena mu 2023 kuti pofika 2070 dzikolo lidzakhala ndi anthu pafupifupi 87 miliyoni, mmodzi mwa khumi alionse ali mlendo, ndipo kutsikako kulipobe ngakhale awerengera kale alendo obwera chaka ndi chaka. Zimene alendo amachita n'kuchepetsa liwiro la kugwako ndi kutseka mipata imene ikanagwetsa denga msanga.

Ndiponso Japan sikusankha yokha pa msika. South Korea, imene mu 2023 inatsika mpaka ana 0.72 pa mayi aliyense, ikulimbirana achinyamata omwewo, Taiwan nayonso. Ndalama ya yen inafooka mpaka kufika cha pa 160 pa dola imodzi mu 2024, ndiye mnyamata wa ku Vietnam akawerengera zimene atumize kumudzi amaona kuti ku Korea kuli bwinoko. China yeniyeniyo inayamba kuchepa mu 2022. Mpikisano umenewu ndi umene wachita zimene madandaulo a omenyera ufulu analephera kwa zaka 30: mu June 2024 nyumba ya malamulo inavomereza kuthetsa ndondomeko ya "ophunzira ntchito" ija, ndipo yolowa m'malo mwake, yoyamba mu 2027, idzalola munthu kusintha bwana m'ntchito ya mtundu womwewo akagwira chaka chimodzi kapena ziwiri n'kukhoza mayeso. Ine ndikuona kuti ndi sitepe yabwino, ngakhale yachedwa ndipo ndi yaifupi.

Nanga achinyamata a kuno? Mapangano amene Japan yasainira pa viza ya antchito aluso lapadera ndi a mayiko a ku Asia, monga Philippines, Indonesia, Vietnam, Nepal, Myanmar ndi India, ndipo mayeso a chiyankhulo ndi a luso amalembedwa m'mayiko amenewo kapena ku Japan komweko. Munthu akakuuzani pa WhatsApp kuti mulipire kuti akupezereni ntchito ku Japan, gwirani thumba lanu. Koma mwana wanuyo sanalakwe poganiza za Africa, chifukwa m'zaka zikubwerazi achinyamata ochuluka a dziko lapansi adzakhala kuno, ndipo mayiko okalamba adzayang'ana kuno ndithu. Nkhawa yanga ili pa mtundu wa khomo limene adzatitsegulire. Ife khomo lotere timalikumbukira. Agogo athu anapita ku Joni ndi Wenela ndi Theba, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, mpaka Kamuzu anaimitsa ulendowo ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu oposa 70. Kumeneko chifukwa sichinali ukalamba wa dziko, koma kapangidwe ka kontrakiti n'kofanana: bwera wekha, gona pa komponi, bwana ndi mmodzi, mphamvu zikatha bwerera ukadwalire kwanu. Britain, imene nayonso ikukalamba, yationetsa posachedwapa mmene khomo lotere limatsegukira ndi kutsekeka. Mu February 2022 inayamba kupereka viza kwa osamalira okalamba ochokera kunja, mu March 2024 inawaletsa kubweretsa mabanja, ndipo mu July 2025 inasiya kulemba atsopano ochokera kunja, nkhalamba zofuna chisamaliro zisanachepe ndi imodzi yomwe. Choncho ana anu akamayeza lamulo la dziko lililonse, asamangofunsa kuti likulandira angati. Azifunsa ngati wantchito angathe kusiya bwana woipa osataya chilolezo, ngati angathe kukhala ndi banja lake, ndiponso ngati zaka zimene wagwira zikumuyandikizitsa ku ufulu wokhazikika.

Poti ndinu mphunzitsi, ndikusiyireni nkhani ya sukulu. Ku Japan lamulo lokakamiza makolo kutumiza ana ku sukulu limakhudza nzika zokha. Mwana wa mlendo akapita amalandiridwa ulere, koma akapanda kupita palibe amene ali ndi udindo womulondola. Izi zinachokera m'maganizo aja akuti anthuwa ndi odutsa. Unduna wa zamaphunziro utafufuza koyamba dziko lonse mu 2019, unapeza kuti ana a alendo pafupifupi 20,000 mwina sali pa sukulu kapena sakudziwika kumene ali. M'dziko limene likutseka sukulu mazanamazana chaka chilichonse chifukwa chosowa ana, munali ana ongokhala m'nyumba, ena akulera ang'ono awo makolo ali ku fakitale. Amene anayamba kuchitapo kanthu si boma la ku Tokyo koma mizinda imene imakhala ndi anthuwa. Hamamatsu, kumene kuli mabanja ambiri a ku Brazil, inayamba mu 2011 ntchito yoti pasapezeke mwana wa mlendo ndi mmodzi yemwe wosapita ku sukulu. Anayerekeza kaundula wa anthu okhala mumzindawo ndi kaundula wa sukulu, ndipo dzina likapezeka uku koma osapezeka uko, antchito a mzinda ankapita kukagogoda pakhomo ali ndi womasulira Chipwitikizi. Mizinda ina inatengera, unduna nawo unayamba kuwerenga anawa chaka ndi chaka, ndipo m'kafukufuku wa zaka zotsatira chiwerengero chija chinatsika kufika pansi pa 10,000.